Mpiru Umene Unamangidwa Kansalu

Panali munthu wina amene anakwatira kumapiri, kudera lozizira kumene anthu amalima kachewere ndi tirigu. Kwawo kunali kuchigwa, koma anatsatira mkazi wake Esinati monga mwa chikamwini, namanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi. Anali munthu wofatsa, wosafulumira kuyankhula. Ena ankati ndi wamantha. Akatseka chitseko ankabwerera kukachigwedeza. Mwana akatsokomola kamodzi, iye amakhala atayamba kale kufunafuna buku la kusikelo.

Mwanayo anali mmodzi, wamkazi, dzina lake Tinyade. Anali atangosiya kumene kuyamwa.

Banja la Esinati linali ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa. Silinali lalikulu: mabedi khumi ndi awiri, chitsime chimodzi, ndi mpanda wa khonje. Dimbalo linali la apongozi ake, a Nangondo. Pambuyo pa iwo lidzakhala la Esinati, ndipo pambuyo pa Esinati lidzakhala la Tinyade. Munthu uja ankadziwa kuti iye m'dimbamo ndi wolima chabe. Koma ankalima mosamala kuposa eni ake, chifukwa akaponda dothi limenelo ankaganiza za chimene mwana wake adzadye m'zaka zimene iye sadzakhalapo.

Mpiru wa a Nangondo unkadziwika m'mudzi monse. Unali wamasamba aakulu, osalala, owawira pang'ono. Njere zake sankagula. Chaka ndi chaka, mpiru ukayamba kukwera, a Nangondo ankang'amba chitenje chakale, natsikira kudimba, nasankha matsinde amphamvu kuposa ena, namanga kansalu pa tsinde lililonse. Tsinde lomangidwa kansalu silithyoledwa tsamba. Kaya ndiwo zasowa m'nyumba, kaya kwabwera alendo, palibe woligwira. Limasiyidwa kuti lichite maluwa, libereke, liume. Matsinde ena onse amathyoledwa mpaka atatopa, kenako amazulidwa kuti m'mabedimo mulowe anyezi. Njere za matsinde omangidwa aja a Nangondo ankazisunga m'botolo, ndipo aliyense wobwera kudzapempha ankamutapira. Iwo sanapemphepo kwa munthu.

Chaka china, nthawi yokolola, munthu uja anakagwira ganyu pa famu ina ya tirigu kutsidya kwa phiri. Ntchito yake inali yopuntha ndi kupeta. Atamaliza anapempha mankhusu, matumba atatu, nawasenza limodzi limodzi mpaka kunyumba. Kusukulu anaphunzira kuti nazale yophimbidwa sichedwa kumera ndipo simwa madzi ambiri. Anafuna kuonetsa kuti mkamwini nayenso angabweretse kanthu m'dimba la eni. Matumbawo anawasunga pakhonde mpaka mvula itatha. M'mwezi wa Epulo anafesa mpiru wa m'botolo muja, naphimba nazale ndi mankhusu. Thumba lachiwiri analikhuthulira m'mabedi, nalimira pansi. Lachitatu linatsala pakhonde.

Mbande zinamera zambiri kuposa zaka zonse. Iliyonse inatuluka ndi timasamba tiwiri tobowoka pang'ono kunsonga, monga umamerera mpiru. Palibe inali yosiyana ndi inzake. Anaziwokera m'mizere, iye ndi mkazi wake, ndipo zinagwira.

Patapita masabata awiri, zina zinayamba kumera zokha pakati pa mizere, pamene panalibe wowokera. Tsono kumeneko popalira ali ndi kachitidwe kawo. Sazula chilichonse chongomera. Bonongwe akamera yekha amamusiya. Luni amamusiya, chisoso amachisiya, chifukwa ndi ndiwo zimene zabwera popanda kuzitopera. Choncho munthu uja ataona timpiru tomera tokha, anatipatukira ndi khasu monga aliyense akanachitira. Anakondwa ndithu. Anaganiza kuti ndi njere za chaka chatha zimene zinagwera pansi.

Tsiku lomanga tinsalu linafika m'mwezi wa Juni. Chaka chimenecho mawondo a a Nangondo anali atayamba kuvuta, ndipo maso ankaona ngati muli utsi. Sanalowe m'mabedi monga kale. Anaima pamzere wa m'mbali, atatsamira ndodo, nauza mwana wawo wamwamuna, Lufeyo, kuti azimanga pamene iwo aloze. Munthu uja anapatuka n'kukaima kuchitsime, popeza mkamwini sayandikana ndi apongozi, sapenyana nawo m'maso, ndipo sayankhulana nawo mwachindunji.

Matsinde ena anali atasiya anzawo kutali. Anali aatali, obiriwira kwambiri, anthambi zambiri, ndipo nsabwe sizinawagwire. Ngakhale maso ofooka akanawaona. A Nangondo analoza kasanu ndi kawiri. Lufeyo anamanga mofulumira, chifukwa anzake ankamudikira kumpira.

"Chaka chino botolo lichepa," anatero a Nangondo pobwerera.

Patapita masiku angapo, munthu uja akuthirira, tsamba la tsinde lomangidwa linamukhudza pamkono. Linamukanda. Anaika keni yothirira pansi, nawerama. Sanalithyole. Anangoliyendetsa chala, pamwamba ndi pansi. Linali lokhakhala, lodzaza tiubweya tolimba ngati ndevu zometedwa dzana. Anagwira tsamba la mpiru wosamangidwa pambali pake: losalala, lozizira. Anabwerera ku loyamba. Linali long'ambikang'ambika m'mbali mpaka kufika pamsana, kunsonga kokha n'kumene kunali kotakata.

Anayenda matsinde onse asanu ndi awiri. Onse anali okhakhala.

Anadziuza kuti mwina ndi kuzizira, mwina ndi manyowa, mwina mpiru wamphamvu umatero. Iye anakulira kuchigwa, kumene ndiwo zambiri ndi chigwada ndi therere. Angadziwe chiyani za mpiru wa kumapiri? Anaganiza zodikira, koma kudikira akuyang'ana.

Tsono anayamba kufunafuna tsinde lotere limene linalibe kansalu, kuti alizule aone pansi pake. Analipeza m'mbali mwa ngalande, kunja kwa mabedi. Kenako anapeza lina pafupi ndi chipata, lina kunja kwa mpanda, lina m'kanjira kokwera kumudzi. Anaima, nayang'ana mmene zandandalikira. Imeneyo inali njira imene anadutsa atasenza matumba a mankhusu, limodzi mwa iwo lili lobowoka pansi.

Anazula la kungalande. Muzu wake unali wautali, woyera, wolimba. Anauthyola nauika pamphuno. Fungo lake linali lobaya, losiyana ndi la mpiru. Analawa pang'ono, nalavula.

Lufeyo anamupeza akuchita zimenezo.

"Alamu, sukulu yonse ija yathera pa kununkhiza mizu? Kapena mwayamba zausing'anga, tikuuzireni odwala?"

"Tagwirani tsambali, alamu."

"Ndigwire chifukwa chiyani? Ndi mpiru."

"Mpiru umakanda?"

"Nanunso mukapanda kumeta mumakanda, koma mlongo wanga sanakubwezeni kwanu."

Lufeyo anaseka napita. Munthu uja anaseka naye pang'ono, koma muzu uja sanautaye. Anauika m'thumba la malaya.

Kenako maluwa anatuluka. Matsinde osamangidwa sankaloledwa kufika pamenepo, choncho m'dimba lawo munalibe chofananitsira. Anatsikira kudimba la mayi wina wa kumunsi, amene anafesa msanga mpiru wochokera m'botolo la a Nangondo lomwelo. Kumeneko maluwa anali aang'ono, achikasu chowala, ounjikana kunsonga. Anabwerera kwawo nagwada pafupi ndi tsinde lomangidwa. Duwa lake linali ndi timasamba tinayi topingasa, monga la mpiru ndithu. Koma linali lokulirapo, lachikasu chotuwa, ena oyera kumene. Ndipo pa kasamba kalikonse panali timitsempha tofiirira, ngati timene timaoneka pa chikope cha mwana akagona.

Madzulo a tsiku limenelo, asanadye, anauza mkazi wake.

"Mayi a Tinyade, chimene tamanga kansalu chija si mpiru."

Esinati anasiya kupukuta mwana m'manja. "Ndiye n'chiyani?"

"Sindikudziwa dzina lake."

"Simukudziwa dzina lake, koma mukudziwa kuti si mpiru."

"Masamba ndi ena, muzu ndi wina, maluwa ndi ena."

"Bambo a Tinyade, inu chaka chatha munati mwana ali ndi chikuku, pamene zinali zoluma nyerere."

Zinali zoona, ndipo iye sanakane. Anangopempha kuti akawauze mayi. Za mankhusu sananene. Esinati anapita m'mawa mwake, nabwerako msanga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mpiru uja anayamba kuusunga inu musanabadwe. Akuti akamwini ntchito yawo ndi kuthirira, ndipo mukuthirira bwino."

Maluwa anayoyoka, tizitheba tinayamba kutuluka. Apa ndi pamene kusiyana kunaonekera poyera kwa aliyense wofuna kuwerama. Kachitheba ka mpiru ndi kowonda, kosalala, kowongoka. Ka chomera chija kanali konenepa, kofinyika pakati pa njere ndi njere ngati mkanda woluka, ndipo kunsonga kanali ndi mlomo wautali wopanda kanthu. Munthu uja anakayang'ana nthawi yaitali. Anali atakaonapo kwinakwake, koma kali kouma.

Anakwera kunyumba namasula thumba la mankhusu lotsala lija. Anatapa dzanja limodzi, nayala pa lichero. Pakati pa mankhusu panali tizidutswa tolimba, tatifupi, tamizeremizere. Popeta tirigu ankationa tsiku ndi tsiku, namayesa tizidutswa ta mapesi. Analuma kamodzi ndi mano. M'kati munali njere.

Loweruka anadzuka m'mamawa nawoloka phiri kupita kufamu kuja. Tirigu anali atangoyamba kutulutsa ngala. Koma munda wa kumunsi sunali wobiriwira. Unali wotuwa ndi maluwa aja kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, ndipo tirigu ankangooneka apo ndi apo, wowonda, wamfupi. Anthu anayi anali atawerama m'katimo akuzula. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene anapuntha naye chaka chapitacho, anamuzindikira.

"Achimwene, ganyu sanayambe. Mwafulumira."

"Ndangodutsa. Ichi mukuzulachi n'chiyani?"

Bambo uja anawongoka, namuyang'ana. "Mwachiona kuti?"

"Ndangofunsa."

"Ofunsa choncho amakhala atachiona kwawo." Anakutumula dothi kumuzu, naponya tsindelo pamulu. "Dzina lake lenileni sitilidziwa. Kuno kunalibe. Chinabwera ndi mbewu ya tirigu imene abwana anaitanitsa kunja. Chaka choyamba tinachisiya, timati ndi ndiwo. Chino n'chaka chachisanu tikuzula."

"Sichitha?"

"Njere zake siziwola. Zimagona m'dothi. Mukalima, zina zimadzuka, zina zimadikira chaka china, zina chinacho. Tsinde limodzi likayoyola, mwalemba ntchito ana anu."

"Nanga munthu atachisiya chiume, n'kudula bwinobwino?"

"Sichidikira wodula. Chikangoyamba kuuma chimathyoka chokha, mfundo ndi mfundo, n'kugwa. Ngakhale mutazula chili chachiwisi n'kuchitaya pambali, tizithebato timakhwimira pomwepo. Pamafunika moto. Kwanuko chafika pati?"

"Tizitheba tayamba kusintha mtundu."

"Ndiye mukuchedwa nane chiyani pano?"

Pobwerera, pamwamba pa phiri, munthu uja anakhala pamwala. Anaona kuti njira zilipo zingapo, ndipo anaziyesa imodzi imodzi monga ankachitira ndi chilichonse.

Akanatha kukhala chete. Palibe ankadziwa za tizidutswa ta m'thumba. Chomeracho chikanayoyola, dimba likanatuwa chaka chamawa, ndipo anthu akanati ndi tsoka, kapena akanaloza wina wake. Iye akanakhalabe mkamwini wabwino wothirira. Koma Tinyade akanadzalandira dimba lozula m'malo mwa dimba lokolola.

Akanathanso kusiya chipata chosatseka pa nthawi imene mbuzi zimatsikira kumtsinje, kapena kuzula pamene kulibe anthu n'kunena kuti ndi akuba. Imeneyi inamukopa kwambiri. Matsinde akanachoka, iye osakhudzidwa. Koma anakumbukira thumba lachiwiri lija, limene analimira pansi m'mabedi. Njere zina zinali chigonere m'menemo. Chaka chamawa zidzamera, zidzasiya mpiru kutali, ndipo ndodo ya apongozi idzalozanso pomwepo. Anazindikira kuti kuzula kokha sikukwanira. Chomeracho chinafunika kudziwika. Ndipo sichikanadziwika popanda iye kunena kumene chinachokera.

Anatsika phiri dzuwa lili pamutu. Anadzera kwa mayi wa kumunsi uja napempha nthambi imodzi ya mpiru wouma ndi tsamba limodzi laliwisi. Kenako analowa m'dimba, anthu a madimba oyandikana akuona. Anayala thumba pansi kuti kachitheba kasagwere m'dothi. Anagwira tsinde loyamba m'munsi mwa kansalu, naima kanthawi. Anazula.

Anazula onse asanu ndi awiri. Tinsalu sanamasule. Anazulanso otsala a kungalande, a kuchipata ndi a m'kanjira. Anamanga mtolo, naukulunga m'thumba, nausenza pamutu kudutsa pakati pa mudzi.

A Nangondo anali pamphasa pakhomo pawo akuwothera dzuwa, Tinyade akusewera pambali. Lufeyo ankakonza njinga pansi pa mtengo. Esinati ataona tinsalu tikulendewera pa mtolo, anagwira pakamwa.

Munthu uja anatula mtolo pakati pa bwalo. Anakhala pansi chapatali, atapenya kumbali, naomba m'manja mwaulemu.

"Chimene chagwa apocho n'chiyani?" anafunsa a Nangondo.

Lufeyo anati, "Mbewu yanu, amayi. Alamu akolola."

A Nangondo anakoka chitenje paphewa.

"Esinati, tawafunsa bambo a mwanayu. Amene wawatuma kugwira nsalu yanga ndani?"

"Mayi a Tinyade," anatero munthu uja, mawu ali pansi, "auzeni mayi kuti palibe wandituma. Ndalakwa, ndipo ndalakwa kawiri. Kulakwa kwa lero ndi kwachiwiri. Koyamba ndi mankhusu aja ndinabwera nawo chaka chatha. Chomerachi chinali m'menemo. Ndine ndinachilowetsa m'dimba."

Esinati anamuyang'ana. Zimenezi nayenso ankazimva koyamba.

"Auze kuti mawu ndinamva kale mwezi watha," anatero a Nangondo.

"Auzeni kuti lero sindinabwere ndi mawu. Tengani izi, musawaonetse, muwapatse m'manja."

Esinati anazengereza, kenako anatenga tsamba ndi nthambi za kwa mayi wa kumunsi, nathyolanso tsamba ndi nthambi pa mtolo. Anagwada, naziika pa miyendo ya mayi ake. A Nangondo anakhala osazigwira kwa kanthawi. Koma manja amene asunga mbewu zaka makumi anayi sakhala chete pafupi ndi mbewu. Dzanja linapita lokha.

Anagwira tsamba loyamba, nalisisita. Anagwira lachiwiri. Chala chinaima. Anachiyendetsanso, mobwerera. Analifikitsa patsaya.

Kenako anafufuza kachitheba ka nthambi youma ija, nakatsina ndi chala chachikulu. Kanang'ambika pakati kuchokera kumunsi, tinjere tinagubuduzika pa chitenje, pakati panatsala kachikopa kopyapyala. Anagwedeza mutu, ameneyo ankamudziwa. Anatenga ka pa mtolo, nakatsina chimodzimodzi. Sikanang'ambike. Anakapotokola. Kanathyoka pamfundo, njere ili yotsekeredwa m'kati. Anathyola mfundo ina, ndi ina, mpaka kachitheba konse kanatha.

"Lufeyo."

"Amayi."

"Pomanga paja, manja ako anali kuti?"

"Inu ndi amene munaloza, amayi."

"Ndinaloza ndi ndodo. Ndodo ili ndi khungu?"

Lufeyo anawerama pa tcheni cha njinga ngati chavuta mwadzidzidzi.

A Nangondo anatolera tizidutswa tonse pa chitenje, mosamala, kuti kamodzi kasagwe pansi. Tinyade anatambasula dzanja kuti atoleko. Iwo anamubweza ndi chigongono.

"Esinati, tawafunsa. Chikayoyola chimatani?"

Munthu uja anafotokoza za munda wotuwa uja, za anthu anayi owerama, ndi za zaka zisanu. Anafotokozanso za thumba limene analimira m'mabedi, ndi lina limene linali pakhonde. Sanachepetse kanthu. Atamaliza, a Nangondo anapenya kumene kunali dimba, ngakhale kuti pamenepo sakanaliona.

"Auze kuti nsalu ikamangidwa sigwiridwa. Nkhuku ya chindapusa ndiifuna ndithu. Thadzi, osati tambala wokalamba uja."

"Amva, amayi," anatero Esinati.

"Auze kuti moto akasonkhe pathanthwe, kutali ndi khola. Ayambe ndi thumba la pakhondelo. Koma asanatenthe, aitane onse a madimba a kumunsi kwathu. Aliyense agwire tsambali ndi dzanja lake, athyole kachitheba ndi chala chake. Iwe, Lufeyo, uyambe ndiwe."

Anachita monga ananenera. Anthu anabwera, nagwira, nathyola. Awiri anabwerera msanga kumadimba awo, chifukwa anakumbukira kuti anapemphako mbande za m'nazale ija. Utsi unakwera pathanthwe dzuwa lisanalowe.

Chaka chimenecho m'dimbamo simunatuluke njere ya mpiru ngakhale imodzi, chifukwa matsinde enieni anali atathyoledwa kale n'kuzulidwa. Banja limene silinapemphepo mbewu linayenera kupempha, ndipo wopita khomo ndi khomo ndi kapepala m'manja anali munthu uja. Ena anamutapira mwakachetechete, ena anayamba amuseka. Thadzi analipira. A Nangondo sanamutumizire moni kwa mwezi wathunthu.

Chomera chija chinameranso chaka chotsatira, ndi chinanso, kuchokera ku zimene zinagona m'mabedi. Koma panalibenso wodikira duwa. Tsamba lachitatu likangotuluka, chala chinkadziwa, ndipo chinkazulidwa chikadali chaching'ono. Palibe tsinde lake limene linayoyolapo m'dimba limenelo, ndipo chaka ndi chaka chinkachepa.

Makolo anzanga, ine mwana wanga akadali wamng'ono, ndipo ndimaopa zambiri, zina zosayenera kuopa. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si choipa chooneka kuipa. Chimenecho aliyense amachizula. Ndimaopa chimene chimamera ngati chabwino, n'kukula msanga kuposa chabwino, mpaka akuluakulu a pakhomo n'kuchiloza kuti ichi ndiye chosunga. Chikhoza kukhala mankhwala amene aliyense akuyamikira, kapena munthu amene wazolowera msanga pakhomo, kapena chimene timapatsa mwana m'manja kuti atonthole ife tigwire ntchito. Kawirikawiri wochibweretsa ndi ife tomwe, ndipo timachibweretsa ndi mtima wabwino.

Sindikunena kuti muzizula chilichonse chachilendo. Zambiri zimene timadya zinachokera kwina. Ndikunena kuti musaweruze muli chilili kumzere wa m'mbali. Lowani, weramani, gwirani. Ikani pambali pa chenicheni chimene mukuchidziwa, muone ngati zikufanana mpaka kumuzu. Ngati simunatsimikize, dikirani mukuyang'ana, ndipo funsani amene chinawamerera kale. Dzina lake mwina simudzalidziwa, zimenezo zisakuimitseni.

Koma mukatsimikiza, musadikirenso, ndipo musachite mobisa. Nenani masana, pamaso pa amene adzakwiye, ndipo munene ndi mbali yanu yomwe. Manyazi anu adzatha pa mwezi umodzi. Mukakhala chete, wowerama zaka zonsezo adzakhala mwana wanu.